Ayi wa Bambo Wilkins

1

Mukafika ku Tyrrelstown, mumzinda wa Dublin ku Ireland, n'kufunsa Amalawi kuti Peggy amakhala pati, ayamba aseka kaye asanakulozereni nyumba. Akuuzani kuti ndine mayi uja anaphwasula banja la mng'ono wake chifukwa cha makutu. Mpaka lero munthu akamva zinthu molakwa kutchalitchi kwathu, anzake amati, "Ameneyo ndi ayi wa Peggy." Ine ndimaseka nawo, chifukwa kusekedwa n'kopepuka poyerekeza ndi zimene akanandichita akanadziwa nkhani yonse.

Mng'ono wangayo ndi Rebecca. Ndinamulera ndine kuyambira ali Sitandade 3, mayi athu atamwalira ku Chilomoni. Nditafika ku Dublin mu 2005 ndinakolopa zimbudzi za pabwalo la ndege zaka ziwiri kuti naye abwere adzaphunzire. Anabweradi, anaphunzira za makompyuta, n'kukumana ndi mzungu wa ku England dzina lake Ryan Wilkins, amene ankagwira ntchito pa kampani ina ku Santry. Anakwatirana mu 2009, chaka chimene ntchito mu Ireland zinkafa ngati nkhuku za chitopa. Ife okolopa anatidula maola, Rebecca akulowa m'nyumba ya pamwamba ya mawindo aakulu.

Tsiku langa loyamba kukumana ndi apongozi ake, Rebecca anandikokera kukhitchini.

"Achemwali, akakufunsani za ntchito mungoti muli mu aviation."

"Aviation ndiye chiyani?"

"Zandege basi. Si bodza, si mumagwira ku airport?"

Ndinayang'ana manja anga osupuka ndi mankhwala a m'zimbudzi, manja omwewo amene anamugulira tikiti. Ndinangoti chabwino. Koma mawuwo anandikhala pakhosi ngati mbatata yodya popanda madzi, ndipo sanatsike.

2

Apongozi akewo anali bambo Spencer Wilkins, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain, woimira dera lina la kumpoto kwa England. Anali wamtali, wa mphuno yofiira, ndipo m'thumba ankayenda ndi kabuku kolembamo mawu a Chichewa amene Rebecca ankamuphunzitsa. Ankadziwa mawu osaposa khumi, koma ankawawaza paliponse, ngakhale kwa dalaivala wa takisi wa ku Nigeria. Ukati umuwonjezere chakudya ankakweza manja n'kunena, "Ayi, ayi, ndakhuta," kenako n'kudziseka yekha. Rebecca ankaomba m'manja ngati mwana wayamba kuyenda. Ine zinkandinyansa.

Tsiku lina tikudya kunyumba kwa Rebecca ku Santry, Ryan anayamba kuwaseka bambo akewo.

"Zaka 22 ali phungu, sanavotepo motsutsana ndi chipani chawo ngakhale kamodzi. Chipani chitati dzuwa lizituluka kumadzulo, bambo akhala oyamba pa mzere."

Bambo Wilkins sanachite manyazi. Anati chipani chili ngati ukwati, sutuluka chifukwa choti lero ndiwo zapsa mchere. Ndinakumbuka aphungu akwathu amene amasintha zipani ngati malaya, aja tinkawatukwana pa minibasi. Apa ndinali nditakhala ndi phungu wosasintha, ndipo ndinaona kuti naye ndi chimodzimodzi, amangotsata kumene kuli mphika.

Koma munthu ameneyu ndinkamufuna. Mwamuna wanga Greenwell ankasamalira nkhalamba pa nyumba ina ya okalamba ku England kuyambira 2007. Tinapangana kuti akakwanitsa zaka zisanu apeza mapepala okhazikika, ine ndisiya mopu n'kumutsatira. Ndiye mu 2011 chipani cha bambo Wilkins, chomwe chinali m'boma, chinabweretsa lamulo loti ogwira ntchito ngati Greenwell asawonjezeredwenso mapepala. Aphungu ena otsutsa anapempha kuti muikidwe ndime yoti amene agwira kale zaka zinayi asakhudzidwe. Greenwell anali atagwira zaka zinayi ndi miyezi iwiri. Ndime imeneyo ndiyo inali banja langa lonse.

Pa Pasaka, bambo Wilkins atabwera kudzaona mdzukulu wawo amene anali atangobadwa, ndinagwada pa kapeti ya Rebecca.

"Bambo, votiyo ikadzafika mudzaivomere ndimeyo. Ndi mwamuna wanga."

Nkhope yawo inafiira yonse.

"Peggy, sindingakulonjezeni. Pali mavoti ena amene chipani chimatilamula, ndipo ili ndi limodzi mwa iwo. Wokana amachotsedwa."

Rebecca ananditsina paphewa n'kunong'ona, "Achemwali, dzukani, mukundichititsa manyazi. Kuno sagwada."

Ndinadzuka. Bambo Wilkins anandipatsa kakhadi ka nambala yawo ya foni, akuyang'ana pansi, n'kundiuza kuti ndidzawaimbire tsiku la votilo.

3

Voti inachitika Lachiwiri lina mu June. Ndinali pa shifiti ya masana. Nthawi itakwana ndinabisala m'kachipinda kosungiramo mamopu n'kuimba. Kumene anali kunali phokoso la anthu ambiri. Ndinafunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka ngati avomera ndime ya Greenwell.

"Ayi, Peggy," anatero. Mawu awo ankanjenjemera ngati munthu akubisa chiseko. "Ayi."

Foni inaduka.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira, mtima ukuwira. Akanandikana m'Chingerezi ndikanapirira. Koma kundikana m'chilankhulo cha mayi anga, ndi liwu lomwe lija amakanira chakudya akakhuta, zimenezo zinandilowa m'mafupa. Pasanathe ola Greenwell anaimba. Ndime ija inagwa ndi mavoti 11. Mapepala ake ankatha mu September.

Rebecca anaimba kasanu, sindinayankhe. Ubatizo wa mwana wake Daphne unali Lamlungu la sabata yomweyo, ndipo ndinkadziwa kuti akungofuna kundiuza za mandasi ndi mipando.

Lachinayi ndinapita kwa Overstone, bambo wina wa ku Ntcheu amene ankaimba besi mu kwaya yathu. Iyeyu anabwera pa sikolashipu kudzachita digiri yachiwiri ya zandale. Ndinamupeza ku laibulale ya ku yunivesite kwawo.

"Ndikufuna mbiri yonse ya mavoti a munthu uyu," ndinatero ndikumupatsa kakhadi kaja.

"Zimenezo n'zapoyera, mayi. Kumeneko phungu aliyense akavota dzina lake limalembedwa. Mukufuna kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene anapondamo."

Anandisindikizira masamba 14, n'kundimasulira limodzi ndi limodzi.

4

Phwando la ubatizo linachitikira mu holo ina ku Tyrrelstown. Munali anthu ngati 80, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndi azungu anayi okha pa tebulo la kutsogolo. Bambo Wilkins anali atanyamula Daphne, akumuuza "muli bwanji" mobwerezabwereza. Woyendetsa mwambo anati ayambe kulankhula ndi mayi wamkulu wa mwana, agogo alankhula pambuyo. Ndinanyamuka ndi masamba 13 m'manja.

Sindinayambe ndi kuthokoza Mulungu monga timachitira. Ndinati mwana ayenera kudziwa mtundu umene wabadwiramo, n'kuyamba kuwerenga. Chaka chakuti, agogo akewa anavota kuti thandizo lopita kumayiko osauka lidulidwe. Chaka chakuti, anavota kuti othawa kwawo azitsekeredwa nthawi yaitali. Chaka chakuti, anavota kuti ophunzira ochokera kunja azilipira zambiri. Tsamba lililonse ndikamaliza ndinkaliponya patebulo pamaso pawo. Ndinkalankhula Chichewa, ndipo Rebecca analephera kumasulira. Ryan ankangofunsa kuti chikuchitika n'chiyani.

Kenako ndinafotokoza za kugwada kwanga pa kapeti, za Greenwell, ndi za foni ya Lachiwiri.

"Musakhulupirire ine," ndinatero. "Eni ake ndi awa. Afunseni zimene anandiyankha."

Rebecca anatembenukira kwa apongozi ake n'kuwafunsa m'Chingerezi kuti anavota bwanji pa ndime ya mlamu wake. Bambo Wilkins anaimirira, mwana ali m'manja. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene wafunsidwa funso limene wakhala akulidikira.

"Ayi," anatero mokweza. "Ndinavota ayi."

Holo inaphulika. Mayi wina wa ku Zambia kumbuyo anati, "Awe, alibe nsoni mdala uyu, akamba na kumwetulira." Wina anaponya botolo lapulasitiki. Rebecca anafika n'kuwalanda mwana m'manja mwamphamvu, moti Daphne analira.

"Musadzamugwirenso," anawauza. "Achemwali anga anakugwadirani."

Apa ndi pamene Ryan analanda chimkuzamawu. Ndinali ndisanamuonepo atakwiya, ndipo zimene zinatuluka mkamwa mwake zinaoneka kuti zinakhalamo nthawi yaitali.

"Anthu inu! Bambo anga ataya zonse chifukwa cha anthu inu, mbuli zosatha ngakhale kuwerenga. Mukanangokhala kutchire kwanuko." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndipo iwe ukumvera wokolopa zimbudzi uyu?"

Chingerezi chimenecho aliyense anachimva bwinobwino, ndi ana omwe. Rebecca anabereka mwana kumbuyo ndi chitenje cha munthu wina, n'kudzaima pambali panga.

5

M'mawa mwake chilungamo chinatuluka. Ku nyumba ya malamulo ya ku Britain aphungu akamavomera sanena liwu la masiku onse lija loti "yes". Ali ndi liwu lawo lachikale, lolembedwa A, Y, E, ndipo likamatchulidwa limamveka ndendende ngati ayi wathu. Bambo Wilkins anali atavomera ndime ya Greenwell. Kwa nthawi yoyamba m'zaka 22 anadzuka pampando n'kukaima pa mzere wa adani a chipani chawo. Mawu onjenjemera aja pa foni sichinali chiseko, anali mantha. Lachitatu chipani chinawachotsa, n'kuwauza kuti pa chisankho chotsatira dera lawo aimira ndi wina. Ryan ankadziwa, koma bambo ake anamuletsa kuuza aliyense, ati akufuna adzanene okha pa ubatizo, mdzukulu ali m'manja.

Nkhani inazungulira Dublin yense tsiku lisanathe. Anthu omwe aja anaponya botolo ndi amene anayamba kundiseka. Abusa anandiitana n'kundiuza kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, koma anawonjezera kuti aliyense akanalakwitsa chimodzimodzi. Si tonse tinamva ayi ndi makutu athu?

Rebecca anapita ku hotela kumene anagona apongozi ake, ine ndili pambuyo. Atafika anagwada pa kapeti, iye yemwe uja ankati kuno sagwada. Bambo Wilkins anamudzutsa. Anaoneka okalamba ndi zaka khumi.

"Wolakwa ndine," anatero. "Ndinkasewera ndi chilankhulo cha eni, osadziwa kuti chili ndi mano."

Kenako anandigwira dzanja n'kupepesa kuti voti yawo sinakwanire kumupulumutsa Greenwell. Ine ndinalira, ndipo onse anaganiza kuti ndi misozi ya manyazi a munthu womva molakwa.

Koma pakati pa Ryan ndi Rebecca panali patang'ambika posasokeka. Ryan akati alankhule, Rebecca ankamva "kutchire kwanuko". Rebecca akanyamula mwana, Ryan ankaona manja aja akulanda Daphne kwa nkhalamba imene inali itangotaya ntchito ya moyo wake wonse. Ankhoswe anayesa katatu. Mu November kampani ya Ryan ku Santry inatsekedwa, iye anabwerera ku England, ndipo Rebecca anakana kumutsatira. Anati sangakakhale pakati pa anthu amene amamuona ngati mbuli, pomwe ali ndi mbale wake amene anamulera. Chibale ndi fupa, anatero, sichiola.

Greenwell anakwera ndege mu September. Panopa ali ku Lunzu ndi mkazi wina ndi ana awiri, nkhani imeneyo ndi ya tsiku lina.

Rebecca ndi Daphne anasamukira m'kachipinda kanga kakang'ono. Ntchito za makompyuta kunalibe, ndiye ndinamulankhulira kwa kapitawo wathu. Sabata yotsatira anavala yunifolomu yofanana ndi yanga, mopu m'manja. Tsiku loyamba, tikulowa m'chimbudzi cha amayi pafupi ndi pofikira katundu, ndinamuuza kuti takulandira mu aviation. Iye anaseka mpaka misozi, poganiza kuti ndi nthabwala yomulimbitsa mtima. Ine ndinkanena kuchokera pansi pa mtima, ndipo mbatata ija inatsika tsiku limenelo.

6

Tsopano tibwerere ku Lachinayi lija ku laibulale.

Overstone atamasulira masamba 13, anafika pa lomaliza n'kuima. Anachotsa magalasi, n'kuwabwezeranso.

"Eee, mayi, taonani izi. Munthu wanuyu dzana wapandukira chipani. Wavomera ndime ya osamalira okalamba ija."

"Mukunama. Anandiuza yekha pa foni kuti ayi."

Overstone anaseka mpaka woyang'anira laibulale anatiyang'ana. Anandilozera liwu lija la zilembo zitatu pamwamba pa mndandanda wa maina, n'kulitchula pang'onopang'ono kawiri. Dzina la Spencer Wilkins linali pamenepo, pakati pa ovomera.

"Mwamva Chichewa pamene panalibe Chichewa. Munthuyu wadziotcha chifukwa cha inu. Ngati pali mzungu woyenera kumugwadira ndi ameneyu."

Ndinamupempha kuti asauze aliyense, ndikufuna ndikawathokoze ndekha pa ubatizo, anthu onse akumva. Overstone anati ndi maganizo abwino, kungoti iye sadzakhalapo, Lamlungu limenelo akakhala ku msonkhano ku Galway.

Ndinakwera basi ndi masamba 14 pamiyendo. Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinapsa mtima kuposa Lachiwiri. Greenwell ankapitabe. Voti ya bambo Wilkins sinandibwezere kalikonse, inangondilanda munthu womuda. Ndinaona m'maganizo mmene Lamlungu lidzakhalire: agogo akulengeza za ungwazi wawo, Amalawi akululutira, Rebecca akuwala ngati ndiye anavota, ine wokolopa zimbudzi ndikugwadanso kachiwiri kuthokoza. Iye adzatsala ndi mwamuna, mwana, nyumba ya mawindo, ndi apongozi otamandika. Ine ndidzatsala ndi mopu ndi ngongole ya zikomo.

Basi isanafike ku Tyrrelstown ndinali nditapinda tsamba la 14 n'kuliika m'kamisolo. Ndinkadziwanso chinthu china. Munthu amene wakhala zaka 22 m'nyumba ya malamulo, ukamufunsa kuti anavota bwanji, sangayankhe ndi liwu lina kupatula lomwe lija. Pamene ndinkati "afunseni eni ake", ndinkadziwa kale zimene anthu 80 aja adzamve. Zoti Ryan adzatukwana sindinazikonze, koma atatukwana sindinadandaule.

Overstone atabwerako ku Galway n'kumva zimene zinachitika, sanandilankhulenso. Ankaimba besi yake kumbuyo kwanga, ine ndikumva maso ake pakhosi. Mu October maphunziro ake anatha, anabwerera kumudzi. Ali pabwalo la ndege, mwina akuponda pomwe ndinali nditangokolopa, ananditumizira uthenga wa mzere umodzi: "Mayi, tsamba la 14 lija munalitaya?" Tsambalo sindinalitaye. Lili m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi pasipoti yanga ndi chithunzi cha ukwati wanga.

7

Inu owerenga, musandiuze kuti ndikaulule. Ndikudziwa kuti mlandu suola. Chimene ndikufuna mudziwe n'choti kumva molakwa kunanditengera masiku awiri okha, zotsalazo ndinachita ndi maso otsegula. Mukadzamva munthu akuti "sindimadziwa", mudzamufunse kuti sankadziwa mpaka tsiku liti. Ndipo inu amene munaleredwa ndi mkulu wanu, samalani ndi timawu timene mumaponya kukhitchini. Ife olera timaiwala ndalama za tikiti, koma timawu timasunga.

Chisankho chotsatira chitachitika, bambo Wilkins sanabwererenso ku nyumba ya malamulo. M'mbiri ya mavoti awo muli mazanamazana otsata chipani ndi limodzi lokha lotsata mtima, ndipo limodzi limenelo malipiro ake anali botolo lapulasitiki ndi kulandidwa mdzukulu pagulu. Chaka chilichonse amamutumizira Daphne khadi pa tsiku lake lobadwa. Amalemba Chingerezi chokhachokha, Chichewa anasiya. Daphne amawerenga khadiyo mokweza, ndikamufunsa kuti agogo akuti chiyani amandiyankha m'Chingerezi, ndi kamvekedwe ka ana a kuno.

Rebecca amandiphikira, amandichapira yunifolomu, ndikadwala amagwira shifiti yanga. Anthu akamandiseka za makutu iye ndiye amanditeteza. Kamodzi kokha ndi pamene anandiyandikira. Tinali pa basi ya m'mawa kupita kuntchito, mvula ikuwaza pa windo. Iye ankangopotokola lamba wa chikwama.

"Achemwali, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. A Overstone aja ndi ophunzira zandale. Mmene ankakupatsani mapepala aja, sanakuuzeni? Tsiku lija mukuimirira mu holo, munkadziwa?"

Ndinamuyang'ana m'maso, mwana amene ndinamusambitsa ndi kumuluka tsitsi.

"Ayi," ndinatero.

Anapuma mpweya wautali, n'kutsamira mutu paphewa panga mpaka tinafika pabwalo la ndege. Ine mpaka lero ndimadzitonthoza kuti sindinamunamize mng'ono wanga. Ndinamuyankha m'chilankhulo cha bambo Wilkins.